Eyakoni ya Lole Yakale Ikafooka

Lero tikulankhula ndi inu oyendetsa malole ndi eni ake, makamaka amene mumatsikira ku Chikwawa ndi ku Nsanje m'mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo.

Makina oziziritsa mpweya, amene ambiri timawatcha eyakoni, akafooka, anthu amathamangira kukathiritsa gasi. Komatu gasiyu satha monga dizilo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Akachepa ndiye kuti pena pabooka, ndipo kuthira wina musanatseke pobookapo n'kutaya ndalama. Yambani mwafufuza zinthu zosalira ndalama.

Choyamba, ikani dzanja potulukira mphepo. Ngati ikuzizira koma ikutuluka pang'ono, ndiye kuti njira yake yatsekeka ndi fumbi la m'misewu yathu, kapena fani youzira mphepoyo yatopa. Ngati loleyo ili ndi sefa ya mpweya wolowa mokhala dalaivala, itsukeni kapena gulani ina.

Mphepo ikamatuluka yambiri koma yofunda, zimitsani injini muyang'ane kutsogolo kwa rediyeta. Pamenepo pali kondensa, imene imataya kutentha kochokera m'katimo. Matope, udzu ndi tizilombo zikamatirira, kutenthako kumasowa kolowera. Itsukeni ndi madzi mofatsa, osapinda timalata take. Ngati eyakoni imazizira lole ikamathamanga koma n'kufunda ikaima, kayikirani kondensa yomweyi kapena fani ya pa rediyeta.

Kenaka onani lamba woyendetsa kompuresa, chipangizo chopopa gasi uja. Akakhwepa kapena kung'aluka amaterereka, ndipo nthawi zina amalira. Lizani injini, yatsani eyakoni, mutchere khutu: kompuresa ikagwira imamveka kuti "tcha". Mukapanda kumva, onani fyuzi. Fyuzi ikakhala yabwino, mwina gasi wachepa, pakuti makinawa amadziletsa okha kuti kompuresa isapse. Fufuzani molumikizira mapaipi: pamene pali mafuta okanirira fumbi, gasi akuthawira pamenepo.

Apa ndiye pothera nzeru za dalaivala. Musamasule paipi, chifukwa gasiyu amatuluka ndi mphamvu ndipo amawononga khungu ndi maso. Pitani kwa makaniko, ndipo muwauze chaka chimene loleyo inapangidwa. Magalimoto akale ankayendera gasi wa R-12, amene maiko anagwirizana ku Montreal m'chaka cha 1987 kuti achepetse kupanga, poti amawononga mpweya wa kumwamba wotitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Cha m'ma 1994 opanga magalimoto anali atasinthira ku R-134a. Mitundu iwiriyi siisakanizidwa, ndipo mafuta ake ndi osiyana.

Pomaliza, ngakhale m'chisanu cha June, yatsani eyakoni mphindi 10 sabata iliyonse kuti mafuta azungulire ndipo timphira totseka mapaipi tisaume.

Yendani bwino pamsewu.