Mafuta onunkhira a m'khitchini: mwayi wa Chintheche uli pa udzu

Amene anadyapo mpunga wa biriyani amalidziwa fungo la jira, kambewu komwe pamabotolo a m'sitolo amalemba kuti cumin. Kambewuka amakatchezanso n'kupeza mafuta okometsera soseji, supu ndi zakudya za m'zitini. Pa makilogalamu 100 a njere pamatuluka makilogalamu 2 mpaka 4 okha a mafuta, n'chifukwa chake amadula.

Katchezedwe kake si kachilendo kwa aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa. Njere zophwanya amaziika mumgolo, nthunzi imadutsamo n'kunyamula fungo lonse, kenako imazizira m'paipi yomizidwa m'madzi. Zikadontha, mafuta amayandama pamwamba n'kuwayengula.

Koma mlimi wa ku Chintheche, Kande kapena Mpamba asathamangire kugula mbewu. Jira amafuna nyengo youma ndi yozizirirapo, ngati ya ku Gujarat ndi Rajasthan m'dziko la India, komwe kumachokera jira wochuluka padziko lonse. Nkhata Bay, komwe kuli maderawa, ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno. Chinyontho chomwe chimakondweretsa tiyi wa ku Kawalazi ndi mitengo ya labala ku Vizara chingafotetse jira asanakhwime.

Chomwe chimakondwa kunyanja kuno ndi lemon grass, udzu wonunkhira ngati ndimu umene amayi amabzala kuseri kwa khitchini n'kumathothola wothira mu tiyi. Mafuta ake amalowa m'zakumwa, maswiti ndi sopo, ndipo udzuwu ukamwetedwa umaphukanso, osafuna kubzala chaka ndi chaka.

Chitsanzo chilipo kale kumtunda, ku mapiri a Viphya, komwe a Kawandama Hills amatcheza masamba a bulugamu wonunkhira ndimu, mafuta ake n'kupita kunja kukapangira mankhwala othamangitsa udzudzu.

Chovuta ndi nkhuni. Mgolo wotchezera umadya moto kwa maola angapo, ndipo dera lomwe bungwe la Ripple Africa lalimbikira kubzala mitengo ndi kuphunzitsa mbaula ya Changu Changu Moto siliyenera kumetedwanso chifukwa cha mafuta. Zotsalira za udzuwo zikauma zingathe kusonkhezera moto. Mgolonso ukhale wa chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa mafuta opita m'chakudya ayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.

Alangizi a zaulimi m'bomali ayambe ndi kalabu imodzi, mgolo umodzi, atapeziratu wogula.