Mlonda wa m'foni mwanu sakhulupirira aliyense

Pa chipatala cha Ndirande kapena cha Zingwangwa, wodwala salowa yekha m'chipinda cha mankhwala n'kudzitengera. Amaima pa zenera, wopereka mankhwala n'kuyamba wawerenga buku lake. Ngati mwana wa makilogalamu 9 walemberedwa mulingo wa munthu wamkulu, bukulo limabwerera kwa dokotala.

Foni nayo ili ndi zenera lotere. M'kati mwake muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel. Mafoni a Android amagwiritsa ntchito ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991. WhatsApp ikafuna kutsegula chithunzi, siikatenga yokha, imapempha kernel. Kernel imafufuza kaye: kodi pulogalamuyi ili ndi chilolezo pa failoyi? Kodi malo amene yati uthenga uikidwepo ndi akedi? Kodi dzina la failo silatalika mopitirira? Linux imakana dzina lofika mabaiti 4,096. Pakakhala chokayikitsa, pempho limabwezedwa.

Kufufuzaku n'kofunika chifukwa kernel ndiye amafika paliponse m'foni. Pulogalamu wamba ikalakwitsa, imangotsekeka yokha. Cholakwika chikalowa mu kernel, makina onse amagwa, kapena wakuba amapeza polowera.

Tinaziona pa 19 July 2024. Pulogalamu yachitetezo ya kampani ya CrowdStrike, yogwira ntchito m'kati mwa kernel ya Windows, inkayembekezera zigawo 20 za uthenga koma inalandira 21, ndipo panalibe chowerenga kuti zakwana. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anazima. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zina ku America zinaimitsa maopaleshoni.

Izi zikukukhudzani inu alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya a ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri. M'mafoni mwanu muli mayina a ana a kusikelo, mwinanso a anthu amene akumwa ma ARV. Akatswiri akapeza mpata mu kernel, amautseka kudzera mu update ija timaikankhira mawa poopa kutha kwa bandulo. Ine ndimati bandulo imeneyo ndi yoyenera kuiwonongera.

Makolo nanunso, samalani ndi magemu amene ana amapatsana pa Xender. Gemu ikapempha chilolezo choona zithunzi ndi mafailo anu onse, kanani. Mukavomera, kernel imaitsegulira, chifukwa mwini foni walola.