Nkhwangwa Ikang'aluka, Musathamangire Kowotcherera

Ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, nkhwangwa siitayidwa wamba. Mtendere utabwera mu 1992, anthu amene anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza anabwerera kwao, ndipo ndi nkhwangwa imene inatema mitengo ya nyumba ndi kutsegulanso minda. M'makomo ena nkhwangwa za nthawi imeneyo zikadalipo, koma zatopa, zayamba ming'alu.

Poyamba, abale, dziwani pamene mng'alu wathera, chifukwa maso amanama. Zulani nkhwangwa mumpini, palani dzimbiri, pakani palafini ndi kupukuta bwino. Kenaka wazani ufa wa choko. Palafini wobisala mumng'alu amatuluka n'kulemba mzere wonse poyera.

Ngati mng'alu uli waufupi ndiponso uli kumbali yakuthwa, nkhani ndi yapafupi. Wosula amadula kapena kupala ndi tupa mpaka mng'alu wonse utachoka, n'kuika chitsulo pamakala, kupopa mvukuto, ndi kusulanso ndi nyundo. Nkhwangwa imafupikako, inde, koma imatema.

Vuto lili kwa ife okonda zachangu. Tikaona makina owotcherera pamsika, kaya ku Furancungo kaya ku Ulongwe, timati tapulumuka. Pepani. Nkhwangwa zambiri zakumudzi zimasulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, chitsulo chouma kwambiri. Chikawotchereredwa chili chozizira, pamalopo pamatentha ndi kuzizira mwadzidzidzi, ndipo mng'alu watsopano umabadwa pambali penipeni pa chigamba. Mmisiri wodziwa amayamba wakumba mng'alu mpaka pansi pake, kutenthetsa chitsulo chonse, kuwotcherera, ndi kuchikwirira m'phulusa lotentha kuti chizizire pang'onopang'ono. Akatha apo ndiye amaumitsanso mbali yakuthwa. Chitsulo cha sipuling'i chimafuna kuviikidwa m'mafuta, osati m'madzi ozizira, n'kuchiotchanso pang'ono kuti chisamathetheke. Ming'alu yambiri inayambira m'madzi momwemo, tsiku losula.

Koma mng'alu ukakhala pamene chitsulo chimalowa mumpini, kapena wadutsa pakati, musanyengedwe ndi mtengo wotsika wokonzetsera. Nkhwangwa yotere imaduka ili m'mwamba, ndipo chidutswa sichisankha: ndi mwendo wanu, kapena mwana amene akutola nkhuni pambali panu. Ipititseni kuchipala, wosula adule mbali imene ili bwino akusulireni kasemasema kapena mpeni.