Yoga ya ku India ndi msana wa mayi wa ku Ndirande

Mukamuuza mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande kuti azichita masewera olimbitsa thupi, akuyang'anani modabwa, ndipo sakulakwa. Wadzuka tambala woyamba, wasenza chigubu cha malita 20 kuchokera pa kiyosiki, wakwera chitunda dengu lili pamutu mwana ali kumsana, madzulo akawerama pa mbaula. Bambo wa ku Bangwe wotsika wapansi kukasaka ganyu ku Limbe, kapena mnyamata wotchova njinga ya kabaza, thukuta salisowa. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti aziligwiritsa ntchito thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Ambiri m'makwalala mwathu muno amakwanitsa zimenezi Lachiwiri lisanathe.

Komatu anthu omwewa ndi amene adzaza mabenchi ku Gulupu ndi m'zipatala zazing'ono za ku Zingwangwa ndi Chilomoni, akudandaula msana, khosi, mutu waching'alang'ala, kusowa tulo ndi BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Thupi lathu limagwira ntchito mokwanira. Chimene silipeza ndi nthawi yakeyake, yoti mwini wake alimvetsere ndi kulimasula. Pachifukwa chimenechi ndikuona kuti yoga, imene ambiri timaiyesa zochita za azungu ndi mabwana a kumayadi, ili ndi chotiuza.

Yoga inabadwira ku India, pakati pa anthu ofuna kuugwira mtima kuti usamangoyendayenda. Buku lake lodziwika kwambiri, Yoga Sutra la Patanjali, linalembedwa zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo limaiyala njirayi m'magawo asanu ndi atatu. Gawo loyamba ndi khalidwe kwa anzako: usavulaze chamoyo, usaname, usabe, usachite chiwerewere, usakhale waumbombo. Lachiwiri ndi kudzisunga wekha, monga ukhondo ndi kukhutira ndi zomwe uli nazo. Kakhalidwe ka thupi kamabwera pachitatu, kapumidwe pachinayi, ndipo magawo otsalawo ndi okhudza kusonkhanitsa maganizo pamodzi mpaka munthu adekhe ndithu. Kupinda thupi kumene timaona pa Facebook, wina ataimirira ndi mutu, ndi kachigawo kamodzi chabe, ndiponso kanakula mochedwa. Mabuku ofotokoza za thupi mwatsatanetsatane, monga Hatha Yoga Pradipika, ndi a m'zaka za m'ma 1400.

Yoga imene yafala padziko lero inaumbidwa posachedwapa. Swami Vivekananda anakalankhula za nzeru za Chihindu ku Chicago mu 1893. M'zaka za m'ma 1930 Tirumalai Krishnamacharya ankaphunzitsa achinyamata ku Mysore, ndipo mmodzi mwa iwo anali B.K.S. Iyengar, mwana wa m'banja losauka amene anakula akudwaladwala malungo, chifuwa chachikulu ndi taifodi. Iyeyu anadzakhala mphunzitsi wodziwika padziko lonse lapansi ndipo anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Mbiri yakeyi imandigwira mtima, chifukwa matenda amene anamuzunza ali mwana ndi omwe timawadziwa bwino kuno. Chaka chomwecho cha 2014 bungwe la United Nations linakhazikitsa 21 June kukhala tsiku la yoga, ndipo mu 2016 UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Pa mndandanda womwewo Amalawife tinafikapo kale. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalembedwa mu 2008, Tchopa wa Alhomwe mu 2014. Vimbuza ndi gule wochiza. Wodwala amalowa pabwalo, ng'oma zikulira, amayi ndi ana atamuzungulira akuimba ndi kuwomba m'manja, ndipo amavina mpaka chimene chamutsekereza pamtima chimasuke. Atumbuka anadziwa kalekale chimene Amwenye anadziwanso, kuti mtima ukadwala umachiritsidwanso kudzera m'thupi. Kusiyana kwake n'koti ife timachiza ndi gulu ndi phokoso, iwo ndi bata ndi kukhala chete. Kwathu wovutika sasiyidwa yekha, ndipo apa ndiye tinawaposa. M'mizinda ya ku Ulaya munthu atha kupita ku kalasi ya yoga chaka chathunthu osadziwa dzina la woyandikana naye.

Ngakhale kakhalidwe ka thupi tinali nako. Taonani agogo atakhala pa mphasa akusankha nyemba: miyendo yawongoka kutsogolo, msana uli chilili popanda chotsamira, lichero lili pamiyendo, ndipo akhala choncho ola lathunthu akucheza. Akafuna kusonkheza moto amanjuta zidendene zitagunda pansi. Munthu wa ku London amalipira ndalama kuti aphunzire kukhala chomwechi, ndipo zimamutengera miyezi. Amayi awiri akamasinja mumtondo umodzi, nyimbo ndi imene inkawalamulira kapumidwe, wina akukweza munsi wina akutsitsa. Msana ukapweteka panali wokuthowa ndi madzi otentha. Palibe anazitcha mankhwala, koma zinkasunga mafupa.

M'tauni muno zambiri mwa izi zatha. Chimanga chimapita kuchigayo, ndipo n'zabwino, sindikufuna amayi abwerere kumtondo. Koma ntchito imene yatsala ndi yopinda thupi mbali imodzi tsiku lonse: telala pa makina, mlonda pa mpando wapulasitiki usiku wozizira wa chiperoni, wogulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, anthu anayi othithikizana pa mpando wa atatu mu minibasi ya ku Machinjiri. Gule watsalira paukwati, pachinkhoswe ndi pamsonkhano wa ndale. Gulu lija lozungulira wodwala lachepa, poti woyandikana naye nyumba ya lendi wabwera mwezi watha ndipo achoka mwezi wamawa. Ndiye usiku ukafika, munthu ali ndi ngongole ya banki m'khonde, lendi yakwana, fizi sinalipidwe, amagona chagada maso ali gwa, mtima ukugunda ngati ng'oma. Makolo anatiphunzitsa kupirira. Sanatiphunzitse chochita ndi mpweya wathu pa ola limenelo.

Apa ndi pamene Amwenye ali ndi luso loti tibwereke. Munthu akakoka mpweya pang'onopang'ono kudzera m'mphuno, mimba n'kufufuma, kenako n'kuutulutsa mochedwa kuposa mmene anaukokera, mitsempha yolamulira mtima imalandira uthenga woti ngozi palibe, ndipo kugunda kumatsika. Izi ndi za kapangidwe ka thupi, zimachitika kwa Mhindu, Mkhristu ndi Msilamu chimodzimodzi. Za msana nazo zili ndi umboni: mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga pakati pa njira zoyamba kuyesa pa msana wopweteka nthawi yaitali, munthu asanathamangire mapilitsi. Pa BP imathandiza pang'ono, pamodzi ndi kuchepetsa mchere ndi kumwa mankhwala. Siichiza shuga, siichiza khansa, siilowa m'malo mwa ma ARV. Wokuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala chifukwa mwayamba yoga akukukumbirani manda, mofanana ndi wogulitsa mankhwala a m'mabotolo wolonjeza kuchiza nthenda zonse.

Funso la chipembedzo silofunika kulizemba. Abusa ndi mashehe ambiri amaikayikira yoga, ndipo ali ndi chifukwa. Mizu yake ili m'Chihindu, Chibuda ndi Chijaini, ndipo m'makalasi ena muli mawu obwerezabwereza amene ndi mapemphero ndithu. Si ife tokha tikukayika: ku Malaysia atsogoleri a Chisilamu analetsa Asilamu mu 2008 kuchita yoga yokhala ndi miyambo yachipembedzo. Maganizo anga ndi oti chikumbumtima cha munthu chilemekezedwe. Amene sakufuna mawuwo awasiye. Koma kuwongola msana ndi kupuma mwadongosolo kulibe mwini, ndipo m'zipatala zambiri zakunja amaphunzitsa zimenezi popanda kutchula mulungu aliyense. Ndipotu kufunafuna bata sikwachilendo mu Blantyre. Amene amakwera phiri la Soche kapena la Ndirande m'bandakucha kukapemphera, amene amayenda Njira ya Mtanda ku Chilomoni, ndi Msilamu amene amawerama ndi kugwada kasanu pa tsiku, onsewa akudziwa kale kuti thupi likakhazikika mtima umamva bwino.

Chimene chimandipweteka ndi choti luso losafuna ndalamali lafika kuno litavala mtengo. Limapezeka m'malo olipira a kumayadi, ndi timphasa tapulasitiki ndi zovala zothina zochokera kunja, pamene munthu amene msana wake ukulifunitsitsa ali ku Goliyo kapena ku Ntopwa. Mphasa ya bango ndi chitenje n'zokwanira. Dziko la India linatenga cholowa chake, kuchilemba, kuchiphunzitsa m'masukulu, mpaka kukhazikitsa unduna wake woyang'anira yoga ndi mankhwala achikhalidwe mu 2014. Ife magule athu ochiza tawasiyira alendo ojambula zithunzi.

Tili ndi akatswiri a mafizo ophunzira ku Kamuzu University of Health Sciences muno mu Blantyre momwe. Ndikuwapempha akhale pansi ndi alangizi a zaumoyo, asankhe mayendedwe ochepa otetezeka, ena a mu yoga ena a pa mphasa ya agogo, awafotokoze m'Chichewa chomveka pa wailesi, kuti amayi a Mvano, a Dorika ndi a banki m'khonde aziyamba nawo misonkhano yawo kwa mphindi khumi. Inu owerenga, ngati muli oyembekezera kapena BP yanu ndi yokwera, funsani kaye anamwino ndipo za kuimirira ndi mutu zisiyeni. Ngati simunayezetsepo BP chaka chino, pitani ku chipatala chapafupi sabata ino mukayezetse, m'zipatala za boma n'kwaulere.