Uphunzitsi wa ku sekondale ulibe njira yachidule

Wachinyamata wofuna kudzaphunzitsa ku sekondale m'Malawi muno ayenera kukhoza bwino MSCE, kusulidwa ku koleji kapena ku yunivesite, kulowa m'kaundula wa aphunzitsi, kenako n'kulembedwa ntchito. Ambiri amati njirayi yatalika mopyola muyeso, pomwe sukulu zathu zikulira aphunzitsi. Ine ndikuona kuti kutalikako n'koyenera, ndipo chimene dziko liyenera kuchita ndi kukulitsa njirayo kuti adutsepo ambiri popanda kuchotsapo gawo lililonse.

Ulendowu umayamba mwana akamasankha maphunziro polowa Fomu 3, ngakhale ambiri sadziwa zimenezi. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza. Mayunivesite aboma, amene kasankhidwe ka ophunzira ake kamadzera ku bungwe la NCHE, amafuna makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Koma kukwanitsa chiwerengerocho sikokwanira. Mphunzitsi wa ku sekondale amasulidwa kawirikawiri pa maphunziro awiri, monga Masamu ndi Fizikisi, kapena Chichewa ndi Chingerezi, ndipo ayenera kuti anakhoza bwino maphunziro omwewo. Mwana amene anathawa Kemisitiri ali Fomu 3 wadzitsekera yekha khomo lodzaphunzitsa phunzirolo. Makolo ndi aphunzitsi akulu akanamawafotokozera ana zimenezi nthawi ilipo, bwenzi ambiri asakudzidzimuka pa tsiku lodzaza mafomu.

Kosulira aphunzitsiwa kulipo kungapo. Domasi College of Education ku Zomba inayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, ndipo pambuyo pake boma linatsegula Nalikule College of Education ku Lilongwe. Ku University of Malawi ndi ku Mzuzu University digiri ya zamaphunziro imatenga zaka 4. Aliponso mayunivesite amipingo, monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia, koma kholo lisanalipire fizi kulikonse lifufuze kaye ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, chifukwa pepala losavomerezeka limadzakanidwa ndalama zitapita kale. Osauka angathe kupempha ngongole ku bungwe la HESLGB. Kulikonseko wophunzira amatumizidwa ku sukulu yeniyeni kukayeserera kuphunzitsa, aphunzitsi ake n'kumabwera kudzakhala kumbuyo kwa kalasi kumuonerera ndi kumupatsa malikisi.

Pano mpamene ena amatsutsa. Amati munthu wa digiri ya sayansi kapena ya zachuma amadziwa phunziro lake kuposa wa dipuloma ya uphunzitsi, nanga n'kumuvutitsiranji? Kudziwa amadziwadi. Koma kalasi ya Fomu 1 imadzaza ndi ana amene angoyamba kuphunzira m'Chingerezi ali Sitandade 5, ena ayenda mtunda wautali m'mimba muli zii, ena amamva msanga, ena pang'onopang'ono. Kukonza sikimu ya temu yonse, kulemba pulani ya phunziro, kufunsa funso loulula pamene mwana wasokonezeka, kuchonga mayeso mwachilungamo, zonsezi ndi luso lochita kuphunzira, ndipo digiri ya zachuma siliphunzitsa. N'chifukwa chake wa digiri ina wofuna kukhazikika pa uphunzitsi amawonjezera satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa UCE. Khomo silinatsekedwe kwa iye. Akungopemphedwa kutenga chimene akusowa.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemerapo: bola mphunzitsi wosakwana kusiyana ndi kalasi yopanda mphunzitsi. Dziko lino linayesapo kale maganizo amenewa. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana ofuna malo ku sekondale anachuluka, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo a maphunziro a patali a MCDE anasandutsidwa masukulu a CDSS. Ambiri mwa amene anatumizidwa kukaphunzitsa kumeneko anali osulidwira pulayimale ku makoleji a TTC. Anagwira ntchito modzipereka, ndipo palibe chowanenera. Koma munthu amene iye mwini analekera pa MSCE ankapatsidwa ana oti awakonzekeretse MSCE yomweyo, nthawi zambiri popanda labotale ndi mabuku okwanira. Kwa zaka zambiri ma CDSS akhala akutsalira pa zotsatira za mayeso, ndipo ovutika ndi ana akumudzi, amene makolo awo sangathe kuwatumiza kwina. Yankho labwino linapezeka pomwepo: maphunziro a patali, amene amalola mphunzitsi wa pulayimale kuchita dipuloma kapena digiri ali pa ntchito, n'kumapita ku koleji pa holide. Kukulitsa njira kumene ndikunena n'kumeneku.

Akamaliza maphunziro, mphunzitsi amalembetsa ku Teachers Council of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la zamaphunziro la 2013, limene limasunga kaundula ndi kupereka ziphaso. Ena amaona ngati ndi msonkho chabe, koma popanda kaundula mphunzitsi wochotsedwa pa sukulu ina chifukwa chochitira nkhanza ana angathe kungosamukira ku sukulu yoti siyaboma m'boma lina. Ntchito ya m'boma imadzera ku Teaching Service Commission: malo akalengezedwa munthu amafunsira, amayitanidwa ku intavyu, ndipo akapambana Unduna wa Zamaphunziro umamutumiza ku chimodzi mwa zigawo 6 za maphunziro. Dandaulo loti omaliza maphunziro amakhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kulembedwa ndi loona, koma gwero lake ndi ndalama zimene Nyumba ya Malamulo imavomereza mu bajeti zolipirira aphunzitsi atsopano, ndipo kumeneko n'kumene makolo ndi makomiti a sukulu ayenera kufunsa aphungu awo.