Za kuthandiza ana kulemba Chifalansa pakhomo

Ana ena a m'midzi mwathu abwera kuchokera ku sukulu atanyamula kabuku ka Chifalansa, ndipo makolo ambiri poona mau achilendowo angopukusa mutu, nati, "Izi nza aphunzitsi, ife tiribe nazo kanthu." Mwana akamva chotero agwa ulesi, kabuku kagona pa tsindwi mpaka chiswe chikapeza, ndipo polephera mayeso ayesa kuti mutu wache ngwouma. Ife tifuna kukuonetsani kuti munthu ali yense wodziwa kuwerenga Chichewa angathe kuthandiza mwana wache pa nchito imeneyi, ngakhale mwini wache sanamvepo Chifalansa chibadwire.

Chinenerochi sichiri cha ku France kokha. Ndicho cha boma ku Congo, ku Burundi ndi ku Madagascar. Ndipo munthu wochokera ku Zambia akaoloka malire kupita ku Lubumbashi apeza kuti makalata a boma ndi maphunziro a sukulu ziri m'Chifalansa. Mwana wochidziwa sadzakhala wosalankhula pakati pa anansi athu amenewa.

Tiyambe tazindikira pamene pagona bvuto. Chichewa tichilemba monga tichinenera, ndipo khutu litsogolera dzanja bwino lomwe. Afalansa anasunga kalembedwe ka makolo ao pamene katchulidwe kanasintha, ndipo bungwe lao la Académie française, limene Kardinala Richelieu analikhazika m'chaka cha 1635, lakhala likuyang'anira kalembedweko kufikira lero. Chifukwa chache madzi awatchula "o" koma alemba eau, ndipo ponena "ine" atchula "mwa" koma alemba moi. Mwana wolemba ndi khutu lokha alakwa ndithu. Maso ndi dzanja ziyenera kuzolowera mau onse limodzi limodzi, ndipo nthawi ya ku sukulu siikwanira kuzoloweretsa ana ambiri chotero. Apa ndipo pali gawo lanu.

Choyamba, mwana asalembe dzina la chinthu liri lokha. M'Chifalansa maina onse agawika pawiri, ena achimuna otsogozedwa ndi le, ena achikazi otsogozedwa ndi la, ngakhale chinthucho chiribe moyo. Tambala ndi le coq, nkhuku yathadzi ndi la poule, mbuzi ndi la chèvre, moto ndi le feu, khasu ndi la houe. Palibe nzeru yotiuza chifukwa chache khasu likhala lachikazi ndi moto wachimuna. Mwana angoyenera kuphunzira mau awiriwo ngati amodzi. Mukaona dzina lopanda mnzache patsogolo, muuzeni alembenso.

Chachiwiri, amange chiganizo chachifupi cha zinthu zimene aziona pabwalo, potsata wochita, chimene achita, ndi chochitidwa, monga tichitira m'Chichewa. Alembe La poule mange le maïs, ndiko kuti nkhuku idya chimanga. Atatero asinthe liu limodzi lokha: La chèvre mange le maïs. Mawa lache alembe Maman porte le bébé, amai anyamula khanda, nasinthe nati, Papa porte la houe. Mwa njira imeneyi mau khumi abala ziganizo zambiri, ndipo mwana aona yekha kuti angathe kunena zache osati kungotsanzira za m'buku. Chiganizo chiri chonse chiyambe ndi chilembo chachikulu ndi kutha ndi kadontho. Izi inu mungathe kuziona ndi maso anu.

Chachitatu, mumkumbutse chimene adziwa kale. Mwana wathu sanena "munthu chabwino" kapena "chinthu wabwino". Kuyambira ali kumsana anaphunzira kuti mau atsata dzina lao. Chifalansa chichita chomwecho, koma ife tisintha kumutu kwa liu, iwo asintha kumchira. Tambala wakuda ndi le coq noir, thadzi lakuda ndi la poule noire. Nkhuku imodzi ikamadya alemba La poule mange, zikakhala zambiri alemba Les poules mangent. Tsono chosautsa nchakuti michira imeneyi siimveka: e wa noire, s wa poules ndi nt wa mangent zilembedwa koma sizitchulidwa. Ndipo ana alakwa kwambiri pomwepa. Mwana akatsiriza kulemba, mumfunse, "Kodi nkhukuzo nzingati? Nanga waika mchira wache?" Funso lokhalo limbwezera pa njira.

Chachinai, tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo si zokometsera ai. Liu lakuti mais ndilo "koma", ndipo likalandira timadontho tiwiri pa i, maïs, lisanduka chimanga. Liu lakuti ou ndilo "kapena", koma où afunsa nalo malo. Mnyamata ndi garçon, ndipo kamchira ka pansi pa c kakasowa, chilembocho chimveka ngati k. Chenjeraninso ndi l ndi r. Kwathu munthu akasinthanitsa ziwirizi palibe chionongeka, koma kumeneko riz ndi mpunga ndipo lit ndi kama. Roi ndi mfumu ndipo loi ndi lamulo. Mwana wosasamala adzalemba kuti wadya kama.

Za dzanja tinganene izi. Ku France ana ayamba kuphunzira kuwerenga ndi kulemba kwenikweni ali ndi zaka 6, ndipo alemba m'makope a mizere imene anaikonza Jean-Alexandre Seyès, wogulitsa mabuku ndi mapepala ku Pontoise, m'chaka cha 1892. Mizere yaikulu italikirana mamilimita 8, ndipo pakati pache pali yopyapyala yotalikirana mamilimita 2. Zilembo zonga a ndi o zidzaza mpata umodzi, t ndi d zikwera iwiri, l ndi b itatu. Inu musabvutike kufuna kope lotere. Lembani mizere inai pa sileti, pa thabwa ndi khala, kapena pa mchenga ndi kamtengo, ndipo mwana aphunzira msinkhu wa chilembo chiri chonse osaononga pepala.

Kachitidwe ka tsiku ndi tsiku kakhale kotere. Madzulo dzuwa lisanalowe, mwana atadya kanthu, atenge ziganizo zitatu za m'buku lache kapena zimene mphunzitsi anazichonga. Aziwerenge mokweza, nakuuzeni tanthauzo lache m'Chichewa, pakuti amene sangathe kumasulira sanamve. Ayang'anitse chiganizo chimodzi, inu mubise buku, iye alembe za pamtima. Pamenepo tsegulani buku nimufanizire pamodzi chilembo ndi chilembo. Pa ichi safunika munthu wodziwa Chifalansa, afunika wa maso odekha. Ngati pali mkulu wache amene anaphunzirako, Loweruka amwerengere mau iye nalemba; Afalansa achitcha dictée, ndipo achikonda kwambiri m'sukulu zao. Nthawi yonseyi isapose imene mai atha kuphika nsima. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Chotsiriza ndicho chachikulu. Mwana akalakwa musammenye, kapena kumseka pamaso pa anzache. Ana a ku France omwe, amene anayamwa chinenerochi, aiwala michira yomweyi zaka zambiri. Yambani mwamuonetsa chimene walemba bwino, ndipo pambuyo pache cholakwa chimodzi kapena ziwiri, zina zidikire mawa. Mwana woopa ndodo abisa kope lache, ndipo cholakwa chobisika chikula naye. Musalolenso kuti ayese Chichewa chinenero chachabe chifukwa wadziwa mau ochepa achilendo, popeza ndi pa Chichewa pamene amangapo zonsezi.

Tsono madzulo a lero lomwe itanani mwana wanu, muyale mphasa pakhonde, nimunene, "Mwananga, tabwera nalo buku lako lija, undiphunzitse dzina la nkhuku." Mudzaona mmene adzathamangire kukalitenga.