Chifunga chimene chinagwetsa ndege ku Chikangawa

M'mwezi wa June, anthu a ku Dedza amadzuka m'chifunga. Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, limabisika mpaka dzuwa litakwera, ndipo cha ku Bembeke madalaivala amayatsa magetsi m'mawa ndithu, n'kumayenda chokwawa pamsewu wa M1. Mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya Indian imadutsa ku Mozambique, ikafika m'mapiri imakwera n'kuzizira, basi chifunga ndi mvula yowaza ya chiperoni zayamba. Wa galimoto akasiya kuona, amaima pambali n'kudikira kuti kuyere. Woyendetsa ndege alibe poima.

Chifunga chotere ndi chimene chinakuta mapiri a Viphya m'mawa wa pa 10 June 2024. Ndege ya asilikali a Malawi Defence Force, ya mtundu wa Dornier 228, inanyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17, ndipo inayenera kutera ku Mzuzu patatha mphindi 45. Inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Chilima, mayi Patricia Shanil Dzimbiri ndi anthu ena 7, ulendo wa kumaliro a loya Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Ku Mzuzu sinatere. Inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo ofufuza anaipeza mawa lake, onse 9 atamwalira.

Kodi chifunga chimagwetsa bwanji ndege? Pali kuuluka kodalira maso, pamene woyendetsa amayang'ana misewu, mitsinje ndi mapiri, ndipo pali kuuluka kodalira zipangizo, kumene ndege imakwera kutali ndi nsonga za mapiri n'kumatsogoleredwa ndi makina. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anapeza kuti ndegeyi inkauluka modalira maso, pafupi ndi pansi, mpaka inalowa m'mitambo. Pamenepo maso sathandizanso. Phiri limaonekera mwadzidzidzi, nthawi yokweza ndege itatha kale.

Komabe kuloza chala chifunga chokha n'kuipeputsa nkhaniyi. Ofufuza omwewo anapeza kuti m'ndegemo munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mbiri ya ulendo, aja ambiri amawatchula kuti black box. Batire la chipangizo cholozera pamene ndege yagwera linali litatha ntchito mu 2004, zaka 20 ngoziyi isanachitike. N'zopweteka kuganiza kuti asilikali, apolisi ndi anthu a m'midzi anasakasaka m'nkhalango yozizira, mabanja akudikira usiku wonse, pamene kachipangizo kamene kakanawalozera malo kanali chete.

Komiti yofufuza imene inatsogoleredwa ndi woweruza Jabbar Alide inanena mu December 2024 kuti ngoziyi inachitika chifukwa cha nyengo yoipa ndi zolakwika za anthu, osati chiwembu. Amalawi ambiri sanakhutire, ndipo n'zomveka: pomwe palibe mawu ojambulidwa, mphekesera ndi zimene zimalankhula.

Pa 16 June, thupi la a Chilima linadutsa ku Dedza pamsewu womwe uja wa M1, anthu ataima m'mbali kudzatsanzikana nawo, ndipo anaikidwa mawa lake kwawo ku Nsipe m'boma la Ntcheu. Chifunga chidzabweranso chaka chilichonse ku Dedza, ku Viphya ndi ku Mulanje. Boma lisalole ndege yopanda black box ndi chipangizo cholozera pamene yagwera kunyamulanso munthu aliyense, kaya ndi mtsogoleri kaya ndi msilikali wamba.